Chiliza sichichiza

Anzanga a m'gulu muno, sabata ino ndabwera ndi nkhani ya kumanda, ndiye amene mumaopa mizimu mundikhululukire. Funso langa ndi limodzi basi. N'chifukwa chiyani dziko lathu likafuna kumangira nyumba mtsogoleri wakufa limathamanga ngati gwape, koma likafika pomanga malo ochizira amoyo ndi ophunzitsira madokotala limayenda ngati bilimankhwe?

Tiyeni tiwerenge zaka, chifukwa zaka sizinama. Bingu wa Mutharika analowa m'boma mu May 2004. Pofika May 2006, chiliza cha Kamuzu ku Lilongwe chinali chitatha, nsanamira zinayi zija za umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo zitaima njo. Zaka ziwiri zokha. Mu 2009 chiboliboli cha Ngwazi chinaimanso ku Area 18. Ku Ndata, m'boma la Thyolo, Mpumulo wa Bata unamangidwa mwini wake akadali moyo, moti atamwalira mu 2012 palibe amene anafunsa kuti kodi timuika kuti.

Tsopano tembenukirani kuchipatala cha khansa cha boma, pafupi ndi chipatala chachikulu cha Kamuzu mumzinda womwewo wa Lilongwe. Ntchito inayamba mu ulamuliro wa Peter Mutharika, boma linasintha mu 2020, ndipo makina owotcha khansa anadzatsegulidwa mu 2025. Kuyambira 1964 mpaka pamenepo, zaka 61, m'chipatala cha boma munalibe chithandizo chimenechi. Amene anali ndi mwayi ankatumizidwa ku India kapena ku Tanzania, ena mwa iwo eni ankawolokera ku Lusaka, kumene anzathu a ku Zambia anali atatsegula kale chipatala cha khansa mu 2007. Amene analibe mwayi ankalembedwa pa mndandanda, n'kuuzidwa kuti dikirani. Khansa sidikira. Ndipo dziko limene linkauza anthu kuti dikirani ndi lomweli limene lili m'gulu la mayiko oyamba padziko lonse pa chiwerengero cha amayi odwala khansa ya khomo la chiberekero.

Ndikudziwa kuti wina walemba kale mu komenti kuti, "Iwe, usasakanize zinthu. Ndalama ya chiliza ndi yochepa, singamange chipatala." Ndi zoona, achimwene, ndavomera. Mwala wa pamanda sungagule makina otsuka magazi a odwala impso m'zigawo zonse. Koma nkhani yanga si ya kukula kwa ndalama. Nkhani yanga ndi ya changu. Boma likafunitsitsa chinthu, ndalama imapezeka, kontilakitala salowa m'tchire, nduna imapita kukayendera sabata ndi sabata, ndipo tsiku lotsegulira silisuntha chifukwa bwana wamkulu adzakhalapo. Chiliza chimatiululira kuti luso lomaliza ntchito tili nalo. Ndiye ntchito ya chipatala ikamatenga zaka khumi, musatiuze kuti dziko ndi losauka. Nenani kuti mtima wanu sunali pamenepo.

Wina anena kuti ndikunyoza mwambo. Ayi ndithu, mwambo ndi umene uli mbali yanga. Kumudzi chiliza sitimanga tsiku la maliro. Timadikira chaka chipite, mwina ziwiri, tikolole, abale a ku Joni atumize kangachepe, ankolo aitanitse msonkhano, kenako simenti igulidwe. Ndipo ndiuzeni, ndi banja liti lolongosoka limene lingagule simenti ya chiliza cha agogo mwana ali gone m'nyumba, thupi lili moto, ndalama ya thiransipoti yopitira kuchipatala palibe? Banja lotero anthu amaliseka pachitsime. Amati awa afuna chiliza chachiwiri. Mwambo wathu umalemekeza akufa, koma umayamba wadyetsa ndi kuchiza amoyo. Boma limene limatembenuza ndondomeko imeneyi lisabisale kumbuyo kwa chikhalidwe.

Tiyeni tikambe za Kamuzu mosaopa, poti masiku onong'ona anatha mu 1993. Munthuyu anali dokotala. Anaphunzira ku Meharry ku America, anamaliza mu 1937, anakapitiriza ku Edinburgh, anachiza anthu ku London ndi ku Kumasi asanabwere kwawo mu 1958. Ngati panali mtsogoleri mu Africa muno wodziwa kufunika kwa sukulu ya madokotala, anali iyeyu. Koma Kamuzu Academy ku Mtunthama, kumene ana ankaphunzira Chilatini ndi Chigiriki, inatsegulidwa mu 1981, pamene College of Medicine ku Blantyre inadzatsegulidwa mu 1991, patatha zaka 27 dziko likudzilamulira, lili m'manja mwa dokotala. Mu 1993 atadwala, opaleshoni ya m'mutu anakachitira ku South Africa. Mu November 1997 anamwalirira m'chipatala cha ku Johannesburg. Sindikufuna kumulanda zimene anamanga, chipatala chachikulu cha ku Lilongwe ndi sukulu ya anamwino zilipo ndipo zikugwira ntchito. Koma amene amati amamukonda Ngwazi afunsidwe: dokotala mumamukumbukira ndi mwala wonyezimira, kapena ndi wodi imene muli mankhwala?

Bingu naye nkhani yake mukuidziwa. Pa 5 April 2012 anagwa ku State House, anamuthamangitsira kuchipatala cha Kamuzu, ndipo usiku womwewo ndege inamunyamula kupita ku South Africa, dziko likuuzidwa kuti akudwala pamene anali atatisiya kale. Phunziro la tsiku limenelo ndi lowawa koma ndi losavuta kumva. Mtima ukaima, pasipoti sithandiza. Ndege imafuna maola, pamene mtima umafuna mphindi. Chipatala chimene chili pafupi, chomwe chija mumadutsa ndi mdipiti wa magalimoto magalasi ali otseka, ndicho chidzakulandirani. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Matendawa si athu okha. Ku Lusaka kuli Embassy Park, kumene kwagona Mwanawasa, Chiluba, Sata, Kaunda ndi Rupiah Banda. Mwanawasa anamwalirira ku France mu 2008, Sata ku London mu 2014, Edgar Lungu ku Pretoria mu 2025, ndipo za malo oika Lungu boma ndi banja anakokanakokana mpaka kukhoti. Taonani mmene timachitira anthu a kuno: kudwala timadwalira kwa eni, koma manda timalimbirana kwathu. Komabe a ku Zambia pali chimodzi anachita bwino. Dzina la Levy Mwanawasa lili pa chipatala chophunzitsira ndi pa yunivesite ya zachipatala ku Lusaka. Chaka ndi chaka kumatuluka achinyamata onyamula dzina lake pa satifiketi, kupita kukagwira ntchito m'zipatala za ku Chipata, ku Mongu, ku Kasama. Ku Embassy Park kumatuluka chiyani?

Chitsanzo chomwechi chili kwathu konkuno, pa Ndata pomwe. Mbali ina kuli manda a Bingu, mbali ina kuli yunivesite ya MUST imene iye anailimbikira, yomwe inayamba kulandira ophunzira mu 2014. Funsani mwana wa ku Chitipa kapena ku Nsanje amene anapeza digiri kumeneko kuti Bingu amamukumbukira ndi chiyani. Sakutchulirani mwala.

Koma apa ndiimepo, chifukwa andale ndi ochenjera, amva kale kumene ndikulowera. Ayankha kuti, "Chabwino, tizimanga zipatala n'kuzitcha mayina a atsogoleri." Chipatala cha boma la Phalombe anachitcha kale dzina la John Chilembwe. College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing anaziphatikiza mu 2021 kukhala Kamuzu University of Health Sciences. Zabwino zonsezo, sindikutsutsa. Koma dzina lokha ndi chiliza chinanso, chosiyana n'chakuti ichi chili ndi mawindo. Kumbukirani kuti m'nthawi ya Bakili Muluzi chipatala cha Kamuzu chinasanduka Lilongwe Central Hospital, Bingu atalowa n'kubwezeretsa dzina lakale. Chikwangwani chinasintha kawiri. Gadiyani wogona pansi pa bedi la wodwala wake, mbaula yake ili panja, anaona kusintha kwanji?

Pali mtundu wina wa chiliza umene andale athu amaukonda kuposa onse: mwala wa maziko. Amabwera ndi gule, amayi avala nsalu za chipani, bwana avundukula kansalu, pamwala palembedwa dzina lake ndi tsiku. Anthu aomba m'manja, mdipiti ubwerera ku Lilongwe, udzu umera. A ku Mzimba angakuuzeni bwino za mwala wa yunivesite ya Mombera umene unaikidwa mu 2015, ndi zaka zimene anakhala akuuyang'ana. Mwala wotere sukumbutsa wakufa. Umakumbutsa wamoyo amene akufuna voti.

Kukulitsa sukulu za zachipatala kwenikweni ndi ntchito yosakoma pa wailesi. Dokotala samera ngati bowa. Mwana akalowa sukulu ya udokotala amafuna zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, kenako nthawi yogwira ntchito moyang'aniridwa, ndipo kuti akhale katswiri wa opaleshoni kapena wa matenda a ana pamafunikanso zaka zina zinayi kapena kuposa. Kuti aphunzire pamafunika akatswiri omuphunzitsa, labu yokhala ndi zipangizo, ndi mabedi a odwala okwanira kuti ophunzira asaunjikane makumi awiri pa wodwala mmodzi. Ukachulukitsa ophunzira osachulukitsa aphunzitsi ndi mawodi, wachulukitsa mapepala basi. Ndipo akamaliza pamafunika malipiro. Tonse m'gulu muno tikudziwa namwino kapena kilinikala ofisa amene anamaliza bwinobwino ku Malawi College of Health Sciences kapena ku makoleji a mishoni ngati Nkhoma, Malamulo ndi Ekwendeni, koma ali pakhomo kudikira kuti boma lilembe anthu ntchito, pamene kuchipatala chaching'ono cha kwawo namwino mmodzi akugwira usana ndi usiku. Enanso akatopa kudikira amakwera ndege, ndipo misonkho yathu imakachiza anthu a ku Manchester.

Taonani mapu. Dziko la anthu oposa 20 miliyoni lili ndi zipatala zazikulu zinayi: Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu ku Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu. Queens inatsegulidwa mu 1958, atsamunda akadalipo, ndipo mpaka lero Blantyre ilibe chipatala cha boma chapakati, moti wodwala malungo wa ku Ndirande ndi wovulala pangozi wochokera ku Chikwawa amakumana pakhomo limodzi. Chipatala cha Mzuzu tinachita kumangiridwa ndi a ku Taiwan. Malo ochitira ana opaleshoni a Mercy James pa Queens, otsegulidwa mu 2017, anabwera ndi Madonna, woimba wa ku America. Sindikunyoza opereka, Mulungu awadalitse. Koma taganizani bwino: za amoyo timadikira alendo, za akufa timapeza tokha. Mu 2001 ku Abuja atsogoleri a mu Africa, athu omwe ali pomwepo, analonjeza kuti 15 peresenti ya bajeti izipita ku zaumoyo. Zaka zambiri timaperewera. Mu 2022 ndi 2023 kolera inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, matenda amene amagonja ndi madzi aukhondo, thanzi ndi diripi. Anthu amenewo chipilala chawo chili kuti? Mayina awo analembedwa pamwala uti?

Pamenepa ndiye pali chinyengo chachikulu cha zikumbutso za boma. Zimasankha. Boma lililonse limakumbukira akufa a chipani chake, kapena akufa amene angalibweretsere mavoti a chigawo chakutichakuti. Sindikuti tigwetse chipilala cha ku Nkhata Bay cha amene anaphedwa pa 3 March 1959, kapena tiiwale nduna zitatu ndi phungu amene anaphedwa ku Mwanza mu 1983. Mtundu wosakumbukira umagwa m'dzenje lomwelo kawiri. Koma kukumbukira koona n'kotchipa: chipilala chaching'ono, mayina olembedwa bwino, ndi mbiri yonse, yokoma ndi yowawa yomwe, yophunzitsidwa m'kalasi. Nyumba zikuluzikulu za miyala yochokera kunja sizikumbutsa mbiri, zimaikuta ndi penti.

Ndipo ngati tikufunadi ngwazi yoti dzina lake likhale pa sukulu ya madokotala, bwanji Daniel Malekebu? Mwana wa ku Chiradzulu ameneyu anamaliza udokotala ku Meharry mu 1917, zaka 20 Kamuzu asanatero, ndipo mu 1926 anabwerera kudzatsegulanso mishoni ya Chilembwe ku Mbombwe imene atsamunda anaigwetsa. Ndi angati mwa ife anamumvapo ku pulayimale? Analibe chipani, n'chifukwa chake alibe chiboliboli.

Zimene ndikupempha ndi zitatu, ndipo aphungu amene mumawerenga mwakachetechete m'gulu muno, lembani. Choyamba, pakhale lamulo la zikumbutso za atsogoleri, loika malire a ndalama ya boma pa manda a munthu mmodzi. Banja kapena chipani chikafuna zoposa pamenepo, chisonkhe chokha monga timachitira tonsefe. Chachiwiri, chipatala kapena sukulu ya zachipatala isapatsidwe dzina la mtsogoleri kufikira itatha chaka ikugwira ntchito, ili ndi antchito okwanira ndi mankhwala m'famase. Dzina likhale mphotho ya ntchito yotha. Chachitatu, amene amagawa bajeti ya zaumoyo, kuyambira pulezidenti mpaka nduna ndi aphungu, azilandira chithandizo m'zipatala za boma za konkuno, ndipo akafuna kunja alowe pa mndandanda womwe uja umene mayi wa ku Ntchisi amalembedwapo. Mudzaona changu chake. Jenereta ya ku fiyeta idzakonzedwa tsiku lomwelo.

Mwina muti ndalankhula mopyola. Bwerani nazo mu komenti, koma mubwere ndi zaka ndi mayina, osati kutukwana kwa chipani. Ine pamene ndaima ndi apa: mtsogoleri amene akufuna kuti tidzamukumbukire asiye chipatala choti iye mwini angalolere kugonekedwamo. Akatero, za chiliza asadandaule, tidzasonkha tokha.