Chenjezo: Musalipire kamera musanaigwire m'manja

Abale anga a ku Shikabeta, makamaka inu achinyamata, tcherani khutu. Mwaona kuti pa kujambula zithunzi pali ndalama: maukwati, ubatizo, ana omaliza sukulu, mpira wa Loweruka. Ena mwagulitsa chimanga ku FRA, ena mwachita kukongola, mtima uli dyokodyoko kufuna kamera yanu yoyamba ya DSLR. Akuba nawo amva fungo la ndalama zanuzo.

Woyamba ali m'foni mwanu momwemo. Amaika pa Facebook chithunzi cha Canon yonyezimira, mtengo wogwetsa, n'kukuuzani kuti mutumize theka, katunduyo akweza basi ya ku Chipata, mukalandire pa Rufunsa. Musatumize ngakhale ngwee imodzi! Ndalama ikangolowa, nambala yake imazima, inu n'kutsala m'mbali mwa Great East Road mukuwerenga mabasi mpaka mdima. Kwerani nokha mupite ku Lusaka, ndipo mutenge munthu wodziwa kujambula akuperekezeni. Safunsa anadya phula.

Wachiwiri amakugulitsani chinthu chongofanana ndi DSLR. Yeniyeni lenzi yake imachoka. Dinani batani la pambali, potolozani lenziyo, muone kagalasi kopendekeka m'katimo. Ngati lenzi siichoka, ibwezeni, imeneyo si DSLR.

Musanyengeke ndi manambala a pa katoni. Kakamera kopanda dzina kolembedwa 48MP sikangafike pa Canon EOS 1200D ya mu 2014, ya ma megapixel 18, kapena Nikon D3200 ya mu 2012, ya 24. Zonse ziwirizi zimatulutsa chithunzi chachikulu choti banja lipachike pakhoma.

Ambiri mwa inu mudzagula yogwiritsidwapo kale ntchito, pakuti kuyambira mu 2018 Canon ndi Nikon anaika mtima pa makamera atsopano opanda kagalasi kaja. Yakale si yoipa. Choipa ndi kuigula osaiyesa.

Funsani kuti yajambula kangati. Kachitseko ka m'kati kotchedwa shutter, kamene kamatseguka nthawi iliyonse mukajambula, kamatha. Pa makamera a oyamba kumenewa anakapangira kuthethetsa pafupifupi ka 100,000. Nikon imalemba chiwerengerochi m'chithunzi chilichonse, ndipo pa intaneti pali malo aulere ochiwerengera. Wogulitsa akayamba kuzembazemba, nyamukani.

Chotsani lenzi, muiunike ndi tochi ya foni. Mukaona timizere toyera ngati ukonde wa kangaude, dziwani kuti ndi nkhungu, ndipo imafalikira mpaka kuwononga galasi. Kenako bwezeretsani lenziyo, chepetsani kabowo kake kolowera kuwala kufika pa f/22, jambulani khoma loyera, mukulitse chithunzicho. Timadontho takuda ndi fumbi, timapukutika. Mzere wodutsa chithunzi chonse ndi matenda aakulu, isiyeni. Jambulaninso nkhope ya mnzanu pafupi, kenako chinthu chakutali, muone ngati ikulunjika yokha msanga.

Pa malenzi ndi pamene ambiri amataya ndalama. Lenzi ya Canon siilowa pa Nikon. Komanso ma Nikon kuyambira D3100 mpaka D3500 alibe mota yawoyawo yoyendetsera lenzi, choncho lenzi yakale yotchipa yolembedwa AF kapena AF-D mudzachita kuizunguza ndi dzanja, mkwatibwi akudutsa. Funani yolembedwa AF-S. Ndipo wina asakukakamizeni kugula malenzi atatu tsiku limodzi. Ya 18-55mm imene imabwera ndi kamera ikukwanirani kuphunzirira ndi kuyambira ntchito.

Tsono kumbukirani kumene mukubwerera. Kumudzi ambiri tidalira sola, ndipo makamera amenewa salandira moto pa chingwe ngati foni. Batire limachita kuchotsedwa n'kuikidwa m'chaja yake. Musachoke m'sitolo opanda chaja, batire lachiwiri, ndi kachaja ka USB kolumikiza ku sola. Batire la Canon EOS 2000D limakwanitsa zithunzi pafupifupi 500, pamene la Nikon D3500 limapitirira 1,500. Kwa munthu wojambula ukwati wa tsiku lonse kutali ndi magetsi, ine ndingasankhe Nikon imeneyo.

Chenjerani ndi memori kadi ya m'mbali mwa msewu. Imalembedwa 128GB, koma m'kati ndi yaing'ono, ndipo imameza zithunzi osakuchenjezani. Ukwati subwerezedwa. Mukawauza chiyani eni ake? Gulani makadi awiri aang'ono m'sitolo yodziwika.

Fumbi la Ogasiti mpaka Okutobala ndi mdani. Musasinthe lenzi pamphepo. Lowani m'nyumba, kamera iyang'ane pansi. Nyengo ya dzinja musaitsekere m'chikwama chachinyezi, pakuti nkhungu ija imayambira pamenepo.

Musanapereke ndalama, wogulitsa akulembereni lisiti lokhala ndi dzina lake ndi nambala ya pansi pa kamera. Wokana lisiti mwina akukusenzetsani katundu wakuba, ndipo apolisi adzagwira inu.

Ngati mwaberedwa kale pa foni, musachite manyazi. Dziwitsani kampani yanu ya foni tsiku lomwelo, pitani kupolisi, ndipo nambala ya wakubayo muipereke ku ZICTA, bungwe loyang'anira za mafoni. Sitolo ikakugulitsani kamera yakufa n'kukana kuibweza, kadandauleni ku CCPC, bungwe loteteza ogula, mutanyamula lisiti. Uzaninso anzanu ku tchalitchi, ku bwalo la mpira ndi ku chigayo, wina asanatumize ndalama usiku uno.