Ulendo wa ku Congo uyambire ku chipatala cha kumudzi

Pa chipata cha Kasumbalesa, m'malire a Zambia ndi Democratic Republic of Congo, pamadutsa ufa, nyemba, nsomba zouma, mazira ndi mbuzi zopita ku misika ya ku Lubumbashi. Alimi ndi amalonda amawerengera bwino mpamba, msonkho ndi ndalama ya galimoto, koma ndi ochepa amene amadzifunsa chimene adzachite akadwalira kutsidyako. Chonsecho m'zipatala zambiri za m'dzikolo wodwala amalipira kuti aonedwe, ayezedwe magazi ndi kulandira mankhwala, ndipo madandaulo ake ayenera kuwafotokoza m'Chifalansa kapena m'Chiswahili. Nchifukwa chake chitetezo cha wapaulendo chiyenera kukonzedwa asananyamuke.

Choyamba ndi katemera wa yellow fever, nthenda yofala ndi udzudzu imene idapha anthu ku Angola ndi ku Congo m'chaka cha 2016. Boma la Congo limafuna khadi lachikasu la katemerayu kwa aliyense wolowa m'dzikolo amene wakwanitsa miyezi 9. Khadilo limayamba kugwira ntchito pakatha masiku 10 munthu atabayitsa, ndipo kuyambira mu 2016 kubayitsa kamodzi kumakwanira moyo wonse. Alipo ena amene amagula khadi lachinyengo osabayitsa. Khadi lotero lingapusitse mlonda wa pachipata, koma udzudzu suwerenga chidindo, ndipo nthendayi ilibe mankhwala ochiza.

Amene amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, monga ma ARV, a TB, a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi, adziwitse achipatala za ulendo wawo kuti alandire okwanira ndi ena apadera, popeza magalimoto amatha kugona pamzere wa pachipata masiku angapo. Mankhwalawo akhale m'chikwama cha m'manja pamodzi ndi buku la kuchipatala, osati m'matumba a katundu pamwamba pa lole. Kudumphitsa ma ARV kumapatsa kachilombo mpata wochulukanso ndi kusiya kumva mankhwala. Kudalira kukagula konko nakonso nkoopsa: mu 2017 bungwe la WHO lidapeza kuti m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene, pa mankhwala 10 alionse, amodzi amakhala achinyengo kapena opanda mphamvu yokwanira. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Pa chiwerengero cha odwala malungo pa dziko lonse, Congo imangoposedwa ndi Nigeria. Neti yonyikidwa m'mankhwala silemera, ndipo imamangika ngakhale m'nyumba yogona alendo. Thupi likatentha, wapaulendo ayezetse magazi tsiku lomwelo, asadikire kuti katundu ayambe watha.

Kolera imabukabuka m'chigawo cha Haut-Katanga, ndipo ingathe kupha munthu wamkulu m'maola ochepa chifukwa cha kutha kwa madzi m'thupi. Madzi akumwa awiritsidwe kapena kuthiridwa klorini, chakudya chidyedwe chikadali chotentha, ndipo sopo asasowe m'thumba. Wotsegula m'mimba asungunule paketi ya ORS monga momwe alembera papaketipo. Ikasowa, athire masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi otetezedwa, ndipo azimwa akupita kuchipatala.

Alangizi a zaumoyo ndi atsogoleri a makalabu a alimi ali ndi gawo lalikulu. Gulu likamatuma mamembala ndi zokolola, liyambe laona makhadi awo mwezi wathunthu ulendo usanafike, lipatule ndalama ya matenda yosakhudzana ndi mpamba, ndipo lisatume munthu mmodzi yekha. Wobwerako akatentha thupi, akatsegula m'mimba kapena akatuluka zotupa pakhungu zonga za mpox, apite kuchipatala msanga ndi kunena poyera dziko limene adali. Kutero kumathandiza dokotala kupeza nthendayo mwachangu isanafalikire pabanja ndi m'mudzi.