TIPALASE NJINGA, KOMA NDALAMA ZIPITE KWA GADIYANI

Anzanga, ansembe athu ndi inu makolo, nkhani yopalasa njinga posonkhetsa ndalama zothandizira ana odwala kwambiri ndagwirizana nayo. Takhala tikuyenda Big Walk pofuna malata a tchalitchi. Kodi n'chiyani chingatiletse pa holide kupalasa kuchokera ku Madisi, kudzera pa Mponela ndi pa Mtengowanthenga, mpaka kukafika pa Lumbadzi? Funso langa n'lakuti, ndalamazo zikapezeka zidzagwire ntchito yanji?

Taganizani za mwana wa khansa. Ana ambiri a khansa kuno kwathu amadwala ya mtundu wa Burkitt lymphoma, imene Dr. Denis Burkitt anaifotokoza mu 1958 ali ku Uganda. Imatupitsa nsagwada kapena mimba, ndipo chotupacho chimakula msangamsanga. Mankhwala ake alipo, ndipo mwana akathamangira nawo amatha kuchira. Bungwe la WHO likuti m'maiko olemera ana oposa 80 pa 100 aliwonse a khansa amachira, pamene m'maiko osauka ambiri safika ndi 30 omwe.

Mwana wa kuno ku Dowa kapena ku Ntchisi akapezeka ndi nthendayi amatumizidwa ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe. Chipatala cha boma salipiritsa, n'zoona. Koma minibasi imalipiritsa. Mankhwalawa salandira tsiku limodzi ayi. Amayenera kubwererako kangapo, mwinanso kugonekedwa milungu yambiri. Mayi amene akudikirira mwanayo afunika ufa, ndiwo, nkhuni ndi sopo. Kumudzi wasiya ana ena, ndipo ikakhala nthawi ya dzinja munda ukulowa thengo, fodya osatupira. Chotupa chikangophwa pang'ono bambo amati, “Basi wachira, bwererani.” Tsiku lokalandiranso mankhwala limadutsa, nthenda n'kuyambiranso. Tisafulumire kunena kuti makolo otere ndi osasamala. Ambiri ndalama ya thiransipoti ndiyo yawathera.

Ndiye ine ndikuti tisagule masikipa olembalemba, tisachitenso phwando la fanta ndi mpunga pomaliza ulendo. (Ndikudziwa kuti anzanga ena a Fomu 3 andikwiyira apa.) Ndalama iliyonse ipite ku ulendo ndi chakudya cha gadiyani. Isungidwe ku parishi, ndipo atsogoleri a miphakati, amene amadziwa khomo lililonse, azinena banja limene lili ndi tsiku lobwerera kuchipatala. Masisitere ndi anamwino a zipatala za mishoni za Madisi ndi Mtengowanthenga angatiunikire pa mabanja otere.

Ena akuti bwanji osangoyendetsa mbale m'tchalitchi? Mbale imafika kwa Akatolika okha. Njinga makumi atatu zondondozana pa msewu wa M1 aziona amalonda a pa Mponela, Asilamu, a CCAP ndi akabaza, ndipo adzafunsa chifukwa chake. Poyankha tidzawauzanso kuti chotupa cha kunsagwada kwa mwana si ufiti, apite naye kuchipatala sabata yomweyo.

Atate Rekitala, tikupempha chilolezo ndi galimoto imodzi yotitsata pambuyo, poti pa M1 malole sapatsa ulemu njinga.