Makolo akonzekere za koleji mwana akadali Fomu 1

Chaka chilichonse bungwe la NCHE likatulutsa maina a ophunzira omwe asankhidwa kupita kusukulu za ukachenjede za boma, m'makomo ambiri ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni ndi Machinjiri mumamveka nthungululu. Koma chimwemwecho sichikhalitsa. Pakangotha sabata, makolo omwewo amayamba kuzungulira m'maofesi a mu Victoria Avenue ndi m'mashopu a ku Limbe kusaka wowabwereka ndalama, ndipo ena amathera m'manja mwa akatapila.

Chodandaulitsa n'chakuti vutoli silibwera mwadzidzidzi ngati matenda kapena maliro. Mwana amakhala zaka zinayi kusekondale, makolo akumulimbikitsa kuti akhoze bwino mayeso a MSCE. Walira mvula walira matope: kholo lofuna mwana wa digiri liyenera kuyamba kuganizira za ndalama zake tsiku lomwe mwanayo walowa Fomu 1.

Mbiri ya fizi m'dziko muno ndi phunziro lokwanira. Mu 2016, akuluakulu a University of Malawi adakweza fizi kufika pa K400,000 pachaka, ophunzira adachita zionetsero, ndipo mtsogoleri wa dziko Peter Mutharika adaitsitsa ndi K50,000. Mu 2023 fizi ya pasukuluyi idachoka pa K350,000 kufika pa K650,000. Nayo kwacha idagwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, zomwe zidakweza mitengo ya chilichonse, kuyambira shuga mpaka makope.

Komanso fizi ndi gawo chabe la nkhaniyi. Ku MUBAS, yomwe idali Polytechnic mpaka 2021, malo ogona a pasukulu sakwanira onse, choncho ophunzira ambiri amachita lendi ku Chitawira, Nkolokosa ndi Naperi. Pamwamba pa lendi pamafunika chakudya, makala kapena magetsi, ya minibasi, laputopu, bandulo ya intaneti ndi yopulintira ntchito za m'kalasi. Zinthu zimenezi ndi zomwe zimagonetsa ophunzira ndi njala, ena n'kusiyira sukulu panjira. Kwa ana aakazi ngozi yake ndi yaikulu kwambiri, chifukwa abambo ena oipa mtima amadikira mtsikana wosowa ya lendi.

N'zoona kuti boma lidakhazikitsa bungwe lobwereketsa ndalama kwa ophunzira la Higher Education Students' Loans and Grants Board mu 2015, ndipo lathandiza ana ambiri ochokera m'mabanja osauka. Koma si onse opempha omwe amapatsidwa, ndalama zake sizikwanira zosowa zonse, ndiponso ndi ngongole yofunika kubweza. Banja loika mtima wonse pa ngongoleyi likhoza kugwiritsidwa mwala sukulu itatsegulidwa kale.

Masamu ake ndi osavuta. Kholo losunga K10,000 pamwezi kwa zaka zinayi limasonkhanitsa K480,000, yomwe siyifika ngakhale pa fizi ya chaka chimodzi ya mu 2023. Losunga K20,000 limafika pa K960,000. Ndalamazi sizingamalize digiri, koma zimathandiza mwana kuyamba sukulu popanda kupinyolitsa katundu wa m'nyumba. Akuluakulu adati pang'onopang'ono ndi mtolo.

Kasungidwe kake nakonso n'kofunika nzeru. Ndalama yobisa pansi pa matiresi imatha mphamvu mwezi ndi mwezi, ndiponso sichedwa kutoledwa kukabwera alendo. Ndi bwino kuiika ku akaunti yapadera yopereka chiwongoladzanja, ku SACCO kapena ku banki m'khonde yodalirika. Ena amaweta mbuzi kapena nkhumba kumudzi, ena amaguliratu zofunda, mapoto ndi sutikesi mitengo isanakwere. Zonsezi ndi kusunga.

Achibale nawonso ali ndi mbali yawo. Mu mzinda wa Blantyre mabanja amapanga makomiti a chinkhoswe ndi ukwati, n'kumakumana miyezi ingapo kusonkha ndalama za holo, keke ndi zovala za tsiku limodzi. Palibe choletsa amalume, azakhali ndi abale a ku Joni kupanga komiti yofananayo ya sukulu ya mwana, aliyense n'kulonjeza zomwe angathe pa semesita.

Mwanayo naye akhale nawo pokambirana. Adziwe zomwe makolo ake amapeza, alembe zosowa zake zenizeni, ndipo azitumiziridwa ndalama mwezi ndi mwezi pa Airtel Money kapena Mpamba m'malo mopatsidwa zonse pakamodzi. Ngati akupita kukoleji yomwe si ya boma, makolo ayambe afunsa ku NCHE ngati sukuluyo ndi maphunziro ake n'zovomerezeka, kuopa kutaya thukuta lawo pa pepala lomwe olemba ntchito sadzalilandira.

Boma lipitirize kuonjezera ndalama za ngongole, ndipo omwe adapindula kale abweze kuti anzawo athandizike. Koma udindo woyamba uli pakhomo. Kholo lomwe mwana wake walowa Fomu 1 chaka chino lili ndi miyezi 48 yokonzekera, ndipo mwezi woyamba kusunga ukhale uno.