Firiji nayo imafuna kupuma

Masiku ano aliyense womanga nyumba akufuna khitchini yonga ija timaiona pa Facebook: makabati ondandalika bwino, firiji italowa pakati pake osatulukira ngakhale chala chimodzi. N'zokongoladi, sindikana. Koma tisaiwale kuti firiji si kabati. Ndi makina, ndipo amafuna mpweya.

Ophunzira anga ndimawauza kuti firiji sipanga kuzizira ayi. Ntchito yake ndi kuchotsa kutentha m'chakudya n'kukutaya kunja. Kutenthako kumatulukira pa timapaipi takuda takumbuyo kuja, pomwe mafiriji ambiri atsopano amatulutsira m'mbali. N'chifukwa chake mukaigwira m'nthiti mumamva kufunda. Tsono mukaipanikiza ndi matabwa mbali zonse, mpweya wotentha umangozungulira pomwepo. Kompuresa imalira osaleka, mayunitsi a magetsi amatha msanga, ndipo kukatentha mu Okutobala ndiwo zimasasa firiji ili chiyakire. Kwa ife akumudzi odalira sola, batire imaphwa kusanache. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mafiriji a m'zithunzi aja ambiri ndi amtundu wina, opangidwira kukhala m'kabati. Pansi pake pamasiyidwa polowera mpweya, kumbuyo kuli mpata wokwerera mpweyawo, pamwamba potulukira. Athu wambawa anapangidwa kuti aziima paokha.

Kodi ndiye tisiye kufuna zokongola? Ayi. Chofunika ndi kuyamba ndi firiji, kabati pambuyo. Makabati a m'khitchini nthawi zambiri amakhala masentimita 60 kuchoka kukhoma, pomwe mafiriji akuluakulu ambiri amapitirira pamenepo. Ngati nyumba ikadamangidwa, uzani mmisiri abweze khoma pang'ono pamalo a firiji kuti ilowe m'kati koma mpata kumbuyo utsale. Mpatawo musauganizire, kabuku kobwera ndi firiji kamanena. Ambiri amafuna masentimita 5 kapena kuposerapo kumbuyo, ndi danga lina m'mbali ndi pamwamba. Kalipentala akamayeza, tepi kudzanja lino, kabuku kudzanja linalo.

Soketi musaiike kumbuyo kwenikweni kwa firiji. Pulagi imadya malo n'kuikankhira kutsogolo, komanso magetsi akamabwera mophethira mufunika kuzimitsa msanga osayamba mwakoka chikatundu chonsecho. Iikeni pambali, pofikira dzanja.

Nkhani ina ndi chitseko. Kuti madilowa a masamba atuluke, chitseko cha mafiriji ambiri chimayenera kutseguka kupitirira madigiri 90. Mukaigunditsa kukhoma la m'mbali, chogwirira chimamenya khoma, dilowa n'kukanirira m'kati. Choncho thupi la firiji ndilo lilingane ndi makabati, chitseko chitulukire kunja pang'ono. Palibe mlendo angakusekeni chifukwa cha masentimita ochepawo.

Muitalikitsenso ndi chitofu, mbaula ndi zenera lolowa dzuwa. Pansi pakhale posalala, ndipo timiyendo takutsogolo mutikweze pang'ono kuti chitseko chizibwerera chokha. Musaikhomerere moti n'kulephera kuikoka, pakuti fumbi la kumbuyo limafuna kusesedwa, ndipo tsiku lina wokonza adzafuna kufikako.

Ambiri a ife firiji timagula kamodzi, mwina pangongole yodula kumalipiro miyezi yambiri. Kabati ikalakwika kalipentala amaikonza tsiku limodzi, koma kompuresa ikapsa ndi ulendo wa kutauni ndi ndalama zina. Musanakhome msomali woyamba, yezani firiji yanu ndipo muisiyire popumira.