CHIKONDI CHA M'MASEWERO A KU KOREA NDI ZOPINGA ZAKE

Munthu amene wakhala akuonera masewero a chikondi a ku South Korea kwa zaka zingapo amafika powadziwa monga momwe mlimi amadziwira njira ya kumunda kwake. Amadziwa kuti mnyamata ndi namwali adzayamba ndi kukangana, kuti mvula idzagwa tsiku limene mmodzi yekha ndiye watenga ambulera, kuti namwaliyo akadzaledzera mnyamata adzam'bereka kumsana mpaka kwawo, ndiponso kuti kupsompsonana koyamba kudzadikira mpaka chapakati pa magawo 16 a sewerolo. Amadziwanso kuti kwinakwake kuli mayi wovala zodula amene akudikira ndi envelopu ya ndalama kuti mwana wa eni asiye mwana wake. Zonsezi amazidziwa bwino lomwe, komabe dzuwa likalowa amakhalanso pansi kuonera. Tsono funso n'lakuti chimam'bweza n'chiyani, ndipo pa masewero ochulukawa, abwino amasiyana pati ndi achabechabe?

Chinthu choyamba chimene woonera wotereyu amatchula ndicho kudekha kwa masewerowa. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo alembi a ku Seoul nzeru imeneyi anaigwira kalekale. Gawo limodzi limatha ola lathunthu, nthawi zina kupitirira, koma anthu awiri okondana akhoza kumaliza magawo asanu asanagwirane ngakhale chala. M'malo mwake chikondi chimaonekera m'tinthu ting'onoting'ono: kufunsa mnzako ngati wadya kale, kumuikira kanyama pamwamba pa mpunga wake, kumuperekeza mpaka pa khomo n'kudikira kuti nyale ya m'chipinda mwake iyake. Koma chachikulu koposa chili m'chiyankhulo. Chikorea chili ndi kayankhulidwe kaulemu ndi kayankhulidwe kachizolowezi, ndipo munthu sasiya kaulemuko mwachisawawa. Amayamba wapempha kapena waloledwa. Tsiku limene awiriwo asiya mau aulemu ndilo tsiku limene chibwenzi chapsa, ngakhale palibe amene watchula za chikondi. Mau a Chingerezi olembedwa m'munsi mwa kanema amataya zonsezi, pakuti Chingerezi chimaitana mfumu ndi mwana wakhanda ndi liu limodzimodzi. Woyankhula Chichewa, amene amadziwa kutalika kwa mtunda wa pakati pa "inu" ndi "iwe", akadamva zimenezi msanga kuposa woonera wa ku London, womasulirayo akadakhala ndi njira yomusonyezera.

Kudekha kumeneku ndiko kunatulutsa masewerowa kunja kwa dziko lawo. Winter Sonata, sewero la magawo 20 limene wailesi ya kanema ya KBS inaonetsa mu 2002, linafika ku Japan kudzera pa NHK mu 2003, ndipo pofika 2004 amayi achikulire a kumeneko anali kukhamukira ku bwalo la ndege m'zikwizikwi kukachingamira Bae Yong-joon, amene anam'patsa dzina laulemu lakuti Yon-sama. Izi zinachitika m'dziko limene linalamulira Korea ndi dzanja lachitsulo kuyambira 1910 mpaka 1945. Chilumba cha Nami, kumene Bae ndi Choi Ji-woo anayenda pakati pa mitengo italiitali, chinasanduka malo okopa alendo. Komatu woonera woona mtima avomereza kuti nkhani ya seweroli, munthu akaifotokoza pakamwa, n'njoseketsa. Mnyamata agundidwa ndi galimoto naiwala zonse, mayi ake am'patsa dzina latsopano, patapita zaka khumi akumananso ndi bwenzi lake lija, kenaka pabuka chikaiko chakuti mwina ndi ana a bambo mmodzi, ndipo pamapeto pake mnyamatayo achita khungu. Chopinga chilichonse m'menemo chinagwa kuchokera kumwamba ngati matalala. Zimene zinapulumutsa seweroli ndi nkhope za osewera, nyimbo ndi kuyera kwa chisanu.

Apa ndiye pagona nkhani. Sewero la chikondi limaima kapena kugwa malinga ndi chimene mlembi waika pakati pa anthu awiriwo. Chopingacho chikakhala choona, chonga chimene anthu amagona nacho m'maganizo usiku, woonera amamva kulemera kwake ndipo misozi yake sipita pachabe. Chikakhala chongotolera, monga lole yotulukira pa kona nthawi imene mlembi wasowa cholemba, woonera amalira ndithu, koma m'mawa mwake amadzifunsa kuti analiriranji. Kwa zaka zambiri masewerowa ankajambulidwa kwinaku akuonetsedwa kale, magawo awiri pa sabata, mlembi akumapereka masamba ake tsiku lojambula litafika. Sizodabwitsa kuti lole ija inali ndi ntchito yambiri.

Chopinga chimene alembi amachikonda koposa ndicho kusiyana kwa chuma, ndipo chimenechi n'choona ndithu. Gawo lalikulu la chuma cha South Korea lili m'manja mwa makampani akuluakulu a mabanja otchedwa chaebol, monga Samsung, Hyundai ndi LG, m'mene utsogoleri umachoka kwa bambo kupita kwa mwana ngati ufumu. Cholakwika chili pa momwe masewero ambiri amachotsera chopingacho. Mu Boys Over Flowers, sewero la 2009 limene linatchukitsa Lee Min-ho ndipo linatengedwa ku nthano ya zithunzi ya ku Japan, Gu Jun-pyo ndi mwana wa mpondamatiki amene amaopseza sukulu yonse, pamene Geum Jan-di ndi mwana wa ochapa zovala. Mnyamatayo ayamba ndi kumemeza anzake kuti am'zunze mtsikanayo, ndipo patangopita magawo ochepa woonera akupemphedwa kukhulupirira kuti nkhanza zonse zija zinali chikondi chosadziwa kuyankhula. Chithunzi cha mwamuna akukoka mkazi pa mkono, mkaziyo akukana, nyimbo yokoma ikulira pambali, chabwerezedwa m'masewero osawerengeka. Amayi a ku Korea komweko akhala akuchidzudzula, ndipo m'masewero a zaka zaposachedwa chachepako, koma akale aja akuoneredwabe ndi atsikana a m'maiko ambiri amene akuphunzirako tanthauzo la kukondedwa. Ndiye chikomekome cha mkuyu chimenecho. Umphawi wa namwali m'masewero oterewa sutha chifukwa cha ntchito yake kapena maphunziro ake. Umatha chifukwa wasankhidwa. Ndipo pofuna kulipira zojambulira, mwana wa mpondamatiki yemweyo, amene ali ndi ndege yakeyake, amapezeka akudya buledi wa pa Subway mokondwa, chizindikiro cha kampaniyo chitayang'ana woonera.

Ena amati munthu wotopa pochokera ku ntchito safuna kukumananso ndi ngongole zake pa kanema, ndipo kuti loto silifunsidwa chilolezo. Mau amenewa ali ndi nzeru, ndipo palibe chifukwa chonyozera mayi amene wapeza mpumulo poonera anthu okongola akukondana. Koma n'koyenera kudziwa dziko limene lotolo likuchokera. Mu 1996 ku South Korea kunamangidwa maukwati pafupifupi 435,000. Mu 2022 anatsika kufika pa 192,000, asanakwereko kufika pa 222,000 mu 2024. Chiwerengero cha ana amene mayi mmodzi akuyembekezeka kubereka pa moyo wake wonse chinali 0.72 mu 2023 ndi 0.75 mu 2024, pamene chofunika kuti mtundu usachepe ndi 2.1. Kuyambira cha m'ma 2011 achinyamata a kumeneko akhala akutchedwa mbadwo wa sampo, kutanthauza otaya zinthu zitatu: chibwenzi, ukwati ndi ana. Zifukwa zake sizobisika. Nyumba ku Seoul n'zokwera mtengo kwambiri, ndipo ngakhale wofuna kungochita lendi nthawi zambiri amayenera kupereka chikole chachikulu chotchedwa jeonse, chimene chimatha kufika theka la mtengo wa nyumbayo kapena kuposerapo. Maola a ntchito ndi aatali, ndalama za maphunziro apadera a ana n'zosayamba, ndipo mkazi wokwatiwa amayembekezekabe kusenza ntchito za kuchimuna. Dziko limene lagulitsa chikondi ku dziko lonse lapansi, mpaka Netflix kulonjeza mu 2023 kuikamo madola 2.5 biliyoni pa zaka zinai, ndi lomwelo limene achinyamata ake ambiri akuuopa ukwati.

N'chifukwa chake woonera wozindikira amaika patsogolo sewero lina losatchuka kwenikweni, Because This Is My First Life, limene tvN inaonetsa mu 2017. M'menemo mulibe mpondamatiki. Nam Se-hee ndi wa ntchito ya makompyuta amene anagula nyumba pa ngongole yoti adzaimaliza atakalamba, ndipo moyo wake wonse ndi ngongoleyo ndi mphaka wake. Yoon Ji-ho ndi wothandizira mlembi wa masewero, wa zaka 30, amene wasowa pogona. Awiriwa amanga ukwati wa pa pepala: iye apeza wom'thandiza kulipira ngongole ndi wotontholetsa makolo ake, mkaziyo apeza denga. Nkhani yotereyi ikanatha kukhala nthabwala chabe, koma mlembi anaitsatira mpaka kumene imapweteka. Ji-ho aitanidwa kwa apongozi ake kukaphika chakudya cha mwambo wokumbukira makolo akufa, nagwira ntchito tsiku lonse pamene mwamuna wake palibe. Se-hee, poganiza kuti akuchita chilungamo, am'patsa ndalama. Mkaziyo akhumudwa, nanena kuti thukuta limabwezedwa ndi thukuta, ndipo mwamunayo apita kwa apongozi ake ku Namhae kukathandiza kukonza kimchi wa chaka chonse. Pamene Se-hee wakhala chonjuta pakati pa amayi a m'mudzi, manja atafiira ndi tsabola, msana ukum'pweteka, woonera amaona chikondi chikuyamba pamalo pamene palibe ambulera kapena nyimbo. Masewero ochepa okha ndiwo anafunsapo mosabisa funso limene amayi ambiri a ku Korea akufunsa, lakuti ukwati umawapatsa chiyani ndipo umawalanda chiyani.

Izi sizitanthauza kuti sewero labwino liyenera kukhala la anthu wamba nthawi zonse. Crash Landing on You, la 2019 mpaka 2020, limayamba ndi bodza lamkunkhuniza: Yoon Se-ri, mwana wa mwini chaebol, akuuluka pa parachuti, atengedwa ndi kamvulumvulu nakagwera kutsidya kwa malire, m'manja mwa msilikali wa ku North Korea dzina lake Ri Jeong-hyeok. Msilikaliyonso si munthu wamba, pakuti bambo ake ndi mmodzi wa akuluakulu a nkhondo a dzikolo. Zonse zakale zilimo, ngakhale buledi wa pa Subway. Anthu ambiri amalikumbukira chifukwa osewera ake, Hyun Bin ndi Son Ye-jin, anadzakwatiranadi mu 2022. Koma mlembi wake, Park Ji-eun, anasankha chopinga chimene ndalama za banja lililonse sizingachisunthe. Nkhondo ya ku Korea ya 1950 mpaka 1953 inaleka ndi pangano longoimitsa kumenyana, ndipo pangano la mtendere silinasainidwe mpaka lero. Mlembiyo anathandizidwa ndi anthu othawa kumpoto pojambula moyo wa m'mudzi wa asilikali, ndi magetsi ake othimathima ndi msika wake wogulitsa katundu wa kumwera mobisa, ndipo amayi a m'mudzimo anatuluka anthu enieni, amiseche ndi achifundo nthawi imodzi.

Pofika gawo lomaliza, Park anakana kugwetsa malirewo pofuna kukondweretsa woonera. Se-ri ndi Jeong-hyeok sakhala nyumba imodzi. Amakumana ku Switzerland kwa masabata awiri pa chaka, kenaka aliyense n'kubwerera kwawo. Oonera ena a kunja anadandaula kuti malipiro amenewa n'ngochepa kwa anthu amene anavutika magawo 16. Woonera wa ku Seoul anali ndi muyeso wina. Mabanja amene nkhondo inawalekanitsa anakumana komaliza mu August 2018 pa phiri la Kumgang, gulu lililonse kwa masiku atatu okha, oyang'anira ali pafupi, ndipo mwa anthu oposa 130,000 a kumwera amene analembetsa maina kuti adzaone abale awo, oposa theka anamwalira akudikirabe.