Ndale zake ziti mu Doctor Who?

Gawo la Doctor Who lotchedwa "Dot and Bubble" litaonetsedwa pa BBC mu June 2024, owonera ena anadandaula kuti mlembi Russell T Davies wathira ndale m'sewero loonera banja lonse. Ndale zake ziti? Ana a anthu olemera a mumzinda wa Finetime, azungu okhaokha, akudyedwa ndi zilombo. Doctor, yemwe akuseweredwa ndi Ncuti Gatwa wobadwira ku Rwanda, akuchonderera otsalawo kuti alowe mu TARDIS awapulumutse. Iwo akukana poti ndi wakuda, n'kukwera bwato kulowera kuthengo.

Odandaulawa ati tsankholo linangotulukira kumapeto popanda chenjezo. Limenelo ndi bodza. Kuyambira pachiyambi Lindy akumutsekera Doctor kunja koma Ruby, mzungu mnzake, akumumvera, ndipo pa anzake onse aja palibe nkhope yakuda ngakhale imodzi. Agogo amene anagwirapo ntchito m'nyumba za ku Salisbury kapena Johannesburg akanaziona msanga.

Nanga ma Dalek a 1963 aja, si Terry Nation anawatengera kwa a Nazi? Pamenepo sadandaula. Chawawawa n'chakuti anakhala mphindi 40 akuonera Finetime osaona chachilendo chilichonse.